Tropico 6: gemu yolamulira dziko la pachilumba

Anzanga okonda magemu a pakompyuta kuno ku Zomba, amene mwatopa ndi mpira komanso mipikisano ya magalimoto, yesaniko Tropico 6. Inatuluka mu 2019 ndipo anaikonza ndi a Limbic Entertainment a ku Germany. Ine ndimasewera pa laputopu ya mng'ono wanga wa ku Chanco, iye akakhala kuti wapita kukalasi.

Tropico ndi dziko longopeka, tizilumba ta m'nyanja ya Caribbean, ndipo wolamulira, El Presidente, ndinu amene. Mbiri yake anaigawa panayi: nthawi ya atsamunda, ya nkhondo zikuluzikulu za padziko lonse, ya Cold War (mkangano wa America ndi Soviet Union), ndi ya masiku ano.

Gawo la atsamunda ndi limene linandigwira mtima. Mumayamba ngati bwanamkubwa wotumidwa ndi mfumu ya kutsidya kwa nyanja, ndipo masiku anu pampando ndi owerengeka. Kuti akuwonjezereni, muzichita zimene mfumuyo yalamula: tumizani fodya, tumizani shuga, mangani chakuti. Uku anthu ofuna ufulu nawo akukukokerani kwawo. Munthu amene umadutsa tsiku ndi tsiku pa nyumba zakale za boma m'tsinde mwa phiri lathuli, pamene panali likulu mpaka 1975, sufunika wokufotokozera. Fodya wa masamba amagulidwa motchipa. Mukadzamanga fakitale yopichira ndudu kapena yosandutsa shuga kukhala mowa, mpamene thumba la boma limayamba kulemera. Koma fakitale ya nduduyo siyenda popanda antchito ofika kusekondale, ndiye sukulu iyambe yamangidwa.

Ufulu ukabwera mumalemba malamulo oyendetsera dziko. Adzavote ndani, aliyense kapena olemera okha? Mipingo ilowerere m'boma kapena ayi? Apa magulu amayamba kukokana: achipembedzo, asilikali, amalonda, achikomyunizimu, kenako oteteza chilengedwe ndi ophunzira. Mukasangalatsa awa, awo akwiya, ndipo chisankho chikubwera.

Chimene anakonza mwaluso n'chakuti munthu aliyense pachilumbapo ali ndi dzina, ntchito ndi pogona. Ndinatsatirapo mayi wina wogwira ntchito m'munda wa nthochi. Nyumba zinali zodula, ndiye anamanga chisakasa cha malata pafupi ndi doko, ndipo chipatala chinali kutali moti popita tsiku lonse linkathera panjira. Nditayang'ana amene adzamuvotere, sanali ine. Ndinamumvetsa.

Koma pali pamene sindigwirizana nayo. Pa munthu yemweyo pali mabatani omupatsa chiphuphu, kumumanga, ngakhale kumupha. Mutha kusokoneza mavoti, kapena kulengeza ulamuliro wa asilikali kuti chisankho chisachitike, ndalama zina n'kumazembetsera ku akaunti yanu ya ku Switzerland. Zonsezi anazikuta ndi nthabwala komanso nyimbo zovinitsa. Kwa ife a kuno n'zovuta kuseka. Ndende ya Mikuyu ili pafupi pompano, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi, referendamu ya 1993 isanachitike, anthu ankatsekeredwa kumeneko zaka osazengedwa mlandu. Ndikanakonda gemuyi ikanaonetsa kwambiri zimene banja la womangidwayo limadutsamo. Ine mabataniwo sindiwakhudza, ndipo ndaona kuti chisankho chimapambanika bwinobwino ndi nyumba, chakudya ndi zipatala, kungoti pamafunika kudekha.

Za zipangizo: ndi gemu yaikulu, musaidawunilode ndi bandulo ya pafoni, funani Wi-Fi. Anthu akachuluka pachilumba laputopu yofooka imatentha n'kuyamba kudodoma, choncho tsitsani magirafiki. Muzisevanso pafupipafupi poopa kuthima kwa magetsi. Chichewa mulibemo, ndipo mumakhala zowerenga zambiri za Chingerezi, ndiye ana aang'ono sangaimve. Koma kwa wa Fomu 3 kapena 4 amene amakonda Histore ndi Social Studies ndi yabwino, makamaka ngati pali wamkulu pafupi woti azikambirana naye.