Mbaula ya Chitetezo pa masika: kodi imakwanitsa kuphikira alendo?

Mvula ikayamba kukata kumapeto kwa Malichi, makomo ambiri amadzaza. Ana atsekera sukulu, Pasaka wayandikira, poti amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo achibale a m'tauni amatsikira kumudzi kudzadya dowe, maungu ndi mtedza wauwisi. Ena amakhalitsa mpaka tchuthi cha pa 1 Meyi kapena cha pa 14 Meyi kuti athandize kukolola. Khomo lomwe limaphikira anthu 5 limapezeka likuphikira anthu 12 kapena 15 kwa masiku angapo otsatizana, komanso nkhuni zake zikadali zachinyontho chifukwa dzinja langotha kumene. Mbaula ya Chitetezo tikuiyesa pa ntchito imeneyi, chifukwa zoti imasunga nkhuni pophikira banja laling'ono ambiri akuzidziwa kale.

Chitetezo ndi mbaula youmba ndi dothi n'kuotcha mu uvuni. Ili ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni, timafuwa titatu pamwamba pokhazika poto, ndi zogwirira ziwiri m'mbali. Imalemera pafupifupi makilogalamu 10, choncho munthu mmodzi atha kuisuntha. Inafala kwambiri boma la Malawi litalengeza mu 2013 kuti likufuna mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020, ndipo mabungwe monga Concern Universal, lomwe linadzasintha dzina kukhala United Purpose, anaphunzitsa magulu ambiri a m'midzi, makamaka a amayi, kaumbidwe kake. Poyerekeza ndi mafuwa, imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni, koma izi zimatheka pokhapokha ngati wophikayo akusonkhezera moyenera. Woipakira zikuni ngati ali pamafuwa sapindulapo kanthu.

Vuto loyamba limayambira pogula. Popeza oumba ndi ambiri, mbaula ziwiri zooneka zofanana pamsika zitha kusiyana kutali. Igogodeni ndi chala kapena kandalama kachitsulo: yopsa bwino imalira mokweza, yosapsa imangoti phuu. Mtundu wake ukhale wofiirira paliponse. Ikakhala ndi madera akuluakulu otuwa ngati dothi louma, moto wa mu uvuni sunaifike bwino ndipo siichedwa kufumbutuka. Yang'anitsitsani pamwamba pa khomo, chifukwa pamenepo dothi ndi lochepa ndipo ndi pomwe ming'alu imayambira. Ngati n'kotheka pitani ndi poto amene mumaphikira kawirikawiri. Mukamukhazika asagwedere, ndipo pakati pa thako la poto ndi mlomo wa mbaula patsale mpata wolowa chala chimodzi. Mpatawo ndi potulukira utsi ndi malawi. Ukachepa moto umabanika n'kumafuka, ukakula kutentha kumathawira m'mbali.

Musagule mbaula lero kuti mawa muphikire alendo. Dothi limayamwa chinyezi posungidwa ndi poyenda, ndipo mukaliwotcha mwadzidzidzi ndi moto waukulu, madzi a m'kati amasanduka nthunzi n'kuling'amba. Masiku awiri oyamba ikolezeni ndi tizitsotso, muphikepo tiyi kapena phala, kenaka muisiye izizire yokha.

Tsopano za nkhuni, zomwe pa masika ndiye nkhani yaikulu. Khomo la Chitetezo ndi laling'ono ndipo linapangidwa dala choncho. Limafuna nkhuni zowaza, zonenepa ngati zala ziwiri, nkhuni zitatu kapena zinayi basi pa nthawi imodzi, zoyalidwa mopingasana pang'ono kuti mpweya uzidutsa pansi. Mukadzaza khomo lonse, mpweya umasowa polowera, utsi umachuluka ndipo poto amada mwaye osawira. Nkhuni za mu Epulo zimakhala zouma kunja koma zonyowa m'kati, choncho ziwazeni kukadali masiku atatu kapena anayi, muziyanike padzuwa, usiku muzilowetse pakhonde kuopa mame. Pa tsiku lophika, zomwe zikubwera pambuyo zitsamiritseni kukhoma la mbaula yotentha kuti zimalize kuuma, bola wina aziyang'anira.

Ambiri amaitama mbaulayi kuti imayaka ndi zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo. N'zoona, ndipo pamafuwa zinthu zimenezi zimangolilima n'kutha, pomwe m'kati mwa dothi kutentha kwake kumagwira ntchito. Koma kumbukirani kalendala ya kumunda. Pa Pasaka chimanga chambiri chikadali chiimire, mapesi sanaume, ndipo zitsononkho zatsopano zimabwera anthu akayamba kutonola mu Meyi ndi Juni. Nandolo amakololedwa m'chilimwe. Ndiye kuti zoyatsira za pa Pasaka ndi zomwe munasunga chaka chatha pamalo ouma. Zitsononkho za dowe amene ana angodya kumene musaziponye m'mbaula, n'zamadzi, zingozimitsa moto. Komanso zitsononkho zimasiya phulusa lambiri, ndipo popeza mbaulayi ilibe sefa pansi, phulusalo limaunjikana n'kutseka njira ya mpweya. Mukamaliza mphika uliwonse palani phulusa ndi kachitsulo, musiye makala okha.

Pali khalidwe lina la mbaulayi lomwe limakhumudwitsa oigwiritsa ntchito koyamba. Ikakhala yozizira, poto woyamba amachedwa kuwira, chifukwa moto umayamba watenthetsa dothi lonselo. Phindu limaoneka kuyambira poto wachiwiri. Ikatentha imasunga moto nthawi yaitali ndi tinkhuni tiwiri tokha, ndipo ichi ndi chifukwa chake pa tsiku la alendo, pomwe miphika imangolandirana kuyambira m'mawa mpaka masana, Chitetezo imachita bwino kuposa tsiku wamba.

Pa ndiwo ndi zakudya zowira pang'onopang'ono, palibe chodandaula. Nyemba zouma kilogalamu imodzi, zonyika m'madzi usiku wonse, zimapsa mu ola limodzi ndi theka kapena awiri popanda kuzisonkhezera kawirikawiri. Nkhuku yachikuda, yomwe imafuna kuwira kupitirira ola kuti ifewe, imapsa bwino msuzi osauma msanga, chifukwa moto sukwera ndi kutsika ndi mphepo monga pamafuwa. Maungu ndiye amakoma zedi: yalani makoko a dowe pansi pa poto, thirani madzi makapu awiri, sanjani zibanthu za maungu khungu lili pansi, vundikirani bwino, ndipo pakatha mphindi 30 mpaka 40 apsa ndi nthunzi osalowa madzi. Mtedza wauwisi wophika ndi mchere umafuna pafupifupi ola. Futali, nkhwani wotendera ndi china chilichonse chokhala ndi nsinjiro chifunika diso, chifukwa dothi likatentha silizizira msanga ngakhale mutaphula nkhuni zonse, ndipo nsinjiro zimapserera pansi. Zimenezi muziphika kumapeto, pa makala okha, mukutakasa.

Chigumu chimatheka ndithu. Dikirani malawi athe, musiye makala ochepa m'kati, ena muwaike pa chivundikiro chachitsulo pamwamba pa poto. Cholakwika chofala n'kusiya makala ambiri pansi poiwala kuti dothi nalo likuwotcha. Chigumu chimada kunsi pakati pakadali paiwisi.

Kuwotcha dowe ndi pomwe mbaulayi imayamba kuchepa. Mukaika waya pamwamba pamakwana zimanga zitatu kapena zinayi zokha, ndipo muyenera kudikira kuti pakhale makala okhaokha, apo ayi chimanga chimanunkha utsi. Kwa ana 8 odikira, zimenezi n'zochedwa. Wotcherani dowe pamoto wa panja madzulo, pomwe aliyense atembenuza chake.

Nsima ndi pomwe tiyenera kunenetsa. Kwa anthu akuluakulu 12 mufunika ufa pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka ndi madzi malita 6, m'poto wa malita 10 kapena 12. Poto wotere amapitirira mlomo wa mbaula, choncho moto umagunda pakati pokha, phala limawira pakati m'mbali muli zii. Vuto lalikulu limabwera povundula. Nsima ikalimba, wophika amakanikiza mthiko ndi mphamvu zonse, ndipo mphamvuyo imatsikira pa timafuwa titatu tadothi. Poto amatsetsereka, mbaula imapendekeka, kapena kafuwa kamodzi kamathyoka. Kafuwa kakathyoka mbaulayo yatha ntchito, chifukwa poto sadzakhalanso bwino, ndipo kumata ndi dothi laliwisi sikugwira. Choopsa kuposa pamenepo n'chakuti poto wa nsima yotentha akagudubuka amagwera m'miyendo mwa wophika.

Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kugawa nsimayo pawiri: ufa kilogalamu imodzi ndi kota m'madzi malita atatu, m'poto wa malita 5 kapena 6, kuphika kawiri motsatizana kapena pa mbaula ziwiri nthawi imodzi. Mbaula ikhale pamalo osalala, kapena muikumbire kadzenje kosaya kuti thako lake likhazikike, ndipo povundula wina agwire poto ndi nsalu youma. Nsima yoyamba mukaipakula ivundikireni m'mbale zikuluzikulu kapena m'fudiwoma, sizizira pa mphindi 20 zomwe yachiwiri ikupsa. Njira yachiwiri ndi kungovomereza kuti nsima ya gulu ndi ya pamafuwa, ndipo si manyazi kutero. Chimodzimodzi thobwa. Phala la ndowa ya malita 20 silingakhale pa Chitetezo. Liphikeni pamafuwa dzulo lake, lizizire mpaka lofunda musanathire chimera, chifukwa phala lotentha kwambiri limapha mphamvu ya chimera ndipo thobwa silitsekemera.

Chifukwa cha zonsezi, mbaula imodzi siikwanira tsiku la alendo. Ili ndi malo amodzi okha ophikira, pomwe chakudya cha masana chili ndi miphika inayi kapena isanu. Ndi ziwiri ntchito imayenda chonchi: cha m'ma 7 koloko m'mawa yoyamba ilandire nyemba, yachiwiri madzi a tiyi kenaka maungu kapena mbatata za kadzutsa. Cha m'ma 9 koloko nkhuku ikhale pa yachiwiri. Nyemba zikapsa, pa yoyamba pabwere mpunga ngati ulipo, womwe umafuna makala ochepa pomaliza, kenaka masamba. Nsima iyambe cha m'ma 11:30 mbaula zonse zili zotentha kale, madzi sachedwa kuwira. Amene ali ndi khitchini yokhazikika ndipo amalandira alendo kawirikawiri angaganizirenso Changu Changu Moto, mbaula ya njerwa ndi dothi yomwe bungwe la Ripple Africa linafalitsa ku Nkhata Bay. Iyo ili ndi pophikira pawiri ndipo siigwedera povundula, koma siisunthika. Chitetezo mutha kuitulutsa pansi pa mtengo wa mango kuti ophika akhale pamodzi ndi alendo, mitambo ikachita mdima n'kuilowetsa pakhonde, ndipo pa masika, pomwe mvula yotsalira imabwera mosayembekezereka, ubwino umenewu ndi waukulu.

Dzina lakuti Chitetezo lisakupusitseni pa nkhani ya ana. N'zoona kuti malawi ndi otchingika, mphepo siimwaza moto, ndipo chitenje sichigwira moto mosavuta monga pamafuwa. Koma khoma lakunja limatentha kwambiri ndipo limakhalabe lotentha kwa nthawi yaitali moto utazima, pamene likuoneka ngati lozizira. Pakhomo podzaza adzukulu othamangathamanga, ikani mbaula pakona, khomo lake loyang'ana kumbali komwe ana sadutsa, ndipo nkhuni zisatulukire kunjira. Utsi umachepa koma suthera, chifukwa mbaulayi ilibe chumuni. Usiku wa mu Meyi kukayamba kuzizira, ena amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chogona alendo kuti afundidwe. Musatero. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka komanso wosanunkha, womwe umapha anthu ali m'tulo m'nyumba yotseka.

Mbaula zambiri zimafa ndi madzi. Alendo ofuna kuthandiza amazimitsa moto pothira madzi monga anazolowera pamafuwa, dothi lotentha n'kung'ambika pomwepo. Auzeni asanayambe kuti nkhuni amaziphula n'kuzizimitsira panja, makala n'kuwakwirira ndi phulusa. Msuzi wosefukira nawo umadya dothi pang'onopang'ono, choncho musadzaze poto mpaka pakamwa. Poinyamula gwirani zogwirira zonse ziwiri itazizira, osapisa dzanja pakhomo n'kukweza. Kamng'alu kakang'ono pamwamba pa khomo kamabwera pa mbaula zambiri ndipo sikaletsa kuphika. Kulungani waya wolimba kawiri kuzungulira mbaula, pansi pa mlomo, kuti kasapitirire. Mng'alu wotsika mpaka pansi kapena wodutsa pa kafuwa ndiye chizindikiro choti mugule ina.

Kwa banja lolandira alendo pa masika, Chitetezo ndi yoyenera kugula, ndipo mugule ziwiri kwa woumba mmodzi, kukadali sabata imodzi alendo asanafike, kuti mupeze nthawi yozikoleza pang'onopang'ono ndi kuwaza nkhuni. Mafuwa musawataye. Alendo akapitirira 15, nsima, thobwa ndi madzi osamba zibwerere pamafuwapo, mbaula ziwirizo zigwire ndiwo, maungu ndi tiyi.