Miyezi 9 ndili ndi galasi, sikelo ndi tochi yoyang'anira ndalama

Patha miyezi 9 chigulireni tizipangizo titatu tofufuzira ngati ndalama inalakwikadi kufakitale: galasi lokulitsa zinthu ka 10, kasikelo ka mabatire koyeza mpaka 0.01 g, ndi katochi ka UV, kounikira zizindikiro zobisika za pandalama zapepala. Ndinatigula pashopu ina ya zamagetsi m'tauni muno, tonse pamodzi sitinafike R400. Amene munawerenga zomwe ndinalemba nditangotigula mukukumbuka kuti ndinatiyamikira tonse. Lero sindingayamikire tonse mofanana.

Ndimagwira ntchito pamalo ochapira zovala ku Rosettenville kuno ku Joni, ndiye makobidi amandipeza okha: m'matumba a mathalauza, mufyuluta ya makina, pena atapanikizika m'dramu ya choumitsira. Ambiri amatuluka ali ndi maonekedwe odabwitsa. Pamagulu athu a WhatsApp ndi pa Facebook anthu amaika zithunzi za ndalama zoterezi, ati zinalakwika pozisula, mtengo wake masauzande. Ineyo ndinkakhulupirira, n'chifukwa chake ndinagula zipangizozi.

Chomwe chagwira ntchito kuposa zonse ndi sikelo. R5 ya zitsulo ziwiri ija, yomwe inayamba mu 2004, imalemera 9.5 g. R2 yokhala ndi chithunzi cha nyama ya ngoma imalemera 5.5 g, R1 ya nswala 4 g. Ukadziwa manambalawa, theka la mikangano limathera pomwepo. Kobidi lomwe ladyeka ndi asidi kapena kukhala nthawi yaitali m'dothi limapepuka, zilembo zake n'kuoneka zofota mbali zonse ziwiri. Koma lomwe lazungulira m'choumitsira ndi nkhani ina, ndipo ndikulidziwa bwino chifukwa ndimalitola ndi manja anga. Ndili ndi R2 yomwe inakhala m'dramu mwina masabata angapo. M'mphepete mwake munafufuma ngati tayala la njinga, zilembo zakunja zinamira theka m'mphepetemo, ndipo ukaiyika pamwamba pa R2 inzake imachepa. Munthu akaiona amalumbira kuti inatuluka choncho kufakitale. Pasikelo imalemera pafupifupi 5.5 g yomwe ija. Chitsulo sichinachoke, changopindika ndi kugundagunda. Makina osulira sangachepetse kobidi motero, chifukwa pomenya amaligwira m'chibangiri chomwe chimalipatsa kukula kwake kwenikweni.

Vuto la sikeloyi ndi mabatire. Akayamba kutha siinena, imangoyamba kunama pang'onopang'ono. Mwezi wachinayi inandionetsa kuti makobidi asanu motsatizana ndi opepuka, mtima n'kuyamba kugunda, kenako ndinaikapo R5 yatsopano n'kupeza kuti nayonso akuti ndi yopepuka. Kuyambira pamenepo ndimasunga R5 imodzi yosakandika m'kabokosi ka machesi, ndimayamba ndi iyo ndisanayeze china chilichonse. Mphepo ya fani nayo imaisokoneza, ndiye muziyezera pamalo odekha.

Galasi linanditengera nthawi kuti ndilizolowere. Umafunika kuliyandikiza kudiso, n'kumasuntha kobidi, osati galasilo. Kanyali kake kanafa mwezi wachiwiri, koma sindikukadandaula, kuwala kwa pawindo kobwera chammbali ndiye kumaonetsa bwino chomwe chatukuka ndi chomwe chalowa mkati. Ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Kobidi limapangidwa pomenya kachitsulo kosalemba pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo. Chidindo chikang'aluka, chitsulo cha kobidi chimalowa mumng'alumo, ndiye pakobidi pamatuluka kamzere kotukuka ngati mtsempha wa padzanja, kokhotakhota, kamtundu wofanana ndi malo ena onse. Kukandika kumakhala kolowa mkati ngati ngalande, m'mbali mwake muli timizere ta chitsulo chokankhidwa, mkati mwake mukunyezimira. Pa makobidi a 10c, 20c ndi 50c, omwe mkati mwake ndi chitsulo chokutidwa pamwamba, kukandika kozama kumaonetsa chitsulo chotuwa chamkaticho, kenako dzimbiri limayambira pomwepo. Ndi maso okha zinthu ziwirizi zimafanana. Pagalasi sizifanana ngakhale pang'ono.

Tsiku lomwe galasili linabweza ndalama yomwe ndinaligulira linali Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi. Achimwene ena a kwathu ku Mangochi, omwe amayang'anira magalimoto pamalo ogulitsira zinthu, anandikokera pambali. Panali munthu yemwe ankawagulitsa R5 pamtengo wa R1,500, ati mkati mwake munatembenuka kufakitale. Zoonadi nyumbu yojambulidwa pakati pa kobidilo inali itapendekeka poyerekeza ndi chibangiri chakunja.

"Achimwene, ndalamayo musapereke kaye," ndinawauza. "Tabwera nayoni kuno pawindo."

Pamalire a zitsulo ziwirizo panali kampata koti nsonga ya singano n'kulowa, ndi timabala tiwiri ta chinthu chomwe anakhomera. Ndinawafotokozera kuti pakati ndi kunja zimadindidwa limodzi, kumenya kamodzi kokha, ndipo kumenyako ndiko kumazimanga pamodzi. Chithunzi cha pakati sichingatembenuke chokha kusiya chakunja, pokhapokha munthu atachotsa pakatipo ndi hamala n'kubwezeretsa. Anayang'ana okha pagalasi nthawi yaitali. "Ndiye ndikanapita nayo ndalama ya lendi, amwene," anatero. Zinandikhudza, chifukwa ndikudziwa mmene R1,500 imavutira kuipeza munthu ukuima padzuwa tsiku lonse kudikira ma R2.

Pali zina zomwe sizifuna n'komwe galasi, zimangofuna kudziwa. Dzina la dziko pamakobidi a kuno limasinthasintha chilankhulo chaka ndi chaka, ndiye ukaona Afrika Borwa pa lina, Suid-Afrika pa linzake, palibe chalakwika. R5 ya Mandela ya 2008, yokumbukira zaka 90 zakubadwa kwake, inapangidwa mamiliyoni ambiri, ndipo yomwe yayenda m'manja mwa anthu n'kukandika ndi R5 basi. Mu 2023, ndalama zatsopano zitatuluka, panabuka mkangano pa R100 chifukwa mawu a Chitsonga analembedwa Bangikulu pomwe pa zakale panali Banginkulu. Ena anayamba kuzisunga poganiza kuti apeza chuma. A PanSALB, bungwe loona za zilankhulo, anati kalembedwe katsopanoko n'kolondola, komanso ngakhale kukanakhala kolakwika, chinthu chomwe chili pa R100 iliyonse sichingakhale chosowa.

Katochi ka UV ndiye kandikhumudwitsa. Switchi yake inayamba kuvuta mwezi wachisanu, pano ndimachita kukamenya pachikhatho kuti kayake, ndipo masana sikaonetsa kanthu pokhapokha ulowe m'chipinda chamdima. Komabe pali ntchito imodzi yomwe kamaichita bwino. Pepala la ndalama ndi la thonje, ndipo pa UV limakhala lozimirira, timaulusi ndi zizindikiro zina zokha ndi zomwe zimawala. Ndalama yomwe yachapidwa limodzi ndi zovala imawala yonse mwa buluu ngati malaya oyera, chifukwa sopo waufa amakhala ndi mankhwala owalitsira nsalu. Ndinayesa ndi R20 yomwe inatuluka m'makina athu njovu yake itatuwa. Pachithunzi ikanatha kugulitsidwa ngati yosowa inki. Pa tochi inawala mbee, ndipo ukaigwira inali yofewa ngati kansanza. Ndalama yomwe inaphonyadi mtundu umodzi posindikiza imakhala yolimba bwinobwino, mitundu inayo ili yowala monga mwa masiku onse. Jiki amafufutitsa chilichonse chomwe wakhudza, sasankha mtundu.

Za ndalama zapepala zodulidwa mokhota ndilibe nazo chidwi kwenikweni. Yodulidwa molakwika kufakitale imakhalabe yokwanira kukula kwake, mbali ina ikachepa ina imachuluka. Ikakhala yaing'ono kuposa inzake, ndi sizasi.

Mwina mukufuna kudziwa ngati ndapezapo chenicheni. Pa makobidi onse omwe ndayang'ana miyezi 9 imeneyi, omwe ndi ochuluka ndithu, ndapeza awiri. Loyamba ndi 20c yokhala ndi kamtsempha ka chidindo chong'aluka, kuchokera m'mphepete kukafika pa duwa. Lachiwiri ndi 50c yobenthuka m'mphepete mozungulira, ngati wina analuma. Izi zimachitika pomwe makina oboola tizitsulo tosalemba pachitsulo chachitali aboola modutsana ndi bowo lakale. Chomwe chinanditsimikizira sichinali pobenthukapo ayi, koma mbali yoyang'anizana napo. Asanadinde, kachitsulo kamadutsa m'makina okafinya kuti m'mphepete mutukuke, ndiye pomwe pali chibenthu makinawo sapeza pokankhira, mbali inayo n'kutsala yosatukuka bwino. Pa 50c yanga mphepete ya kutsidyako ndi yofooka ndithu, ndipo zilembo zoyandikira chibenthucho zimazimirira pang'onopang'ono cha kumapeto. Wodula ndi pulayala kapena chopukusira sangapange zimenezo, amasiya mphepete yakuthwa ndi zilembo zodukira panjira.

Ndinapita nawo onse awiri kwa bambo ena ogulitsa ndalama zakale. Anavomera kuti ndi enieni, koma mtengo womwe anatchula sukanakwana ngakhale thiransipoti ya teksi yopita ndi kubwera. Ndinabwerera nawo. Ali m'timapepala ta pulasitiki ta mankhwala, osatsukidwa, chifukwa bambowo anandichenjeza kuti kupukuta kobidi ndi mankhwala owalitsira kumaliwononga kuposa litsiro.

Sikelo ndi galasi ndingagulenso mawa lomwe. Tochi ndidzafuna ina yolimbirapo ikadzafa iyi. Chomwe ndikusungira ndalama pano ndi kachipangizo koyezera kukula kwa kobidi, chifukwa R5 iyenera kukhala 26 mm, R2 23 mm, ndipo rula ya kusukulu yomwe ndikugwiritsa ntchito siitha kuona theka la milimita.