Steam Direct: khomo n'lotseguka koma msika wadzaza

Kuyambira mu 2017, pomwe kampani ya Valve, mwini wa sitolo ya magemu ya pa intaneti yotchedwa Steam, inathetsa Greenlight, njira imene osewera ankavotera magemu oyenera kugulitsidwa, wopanga gemu payekha amangolipira madola 100 kuti alowe pa Steam kudzera m'njira yatsopano yotchedwa Steam Direct, ndipo ndalamazo amam'bwezera gemuyo ikapanga madola 1,000. Zimenezi ndikuziyamikira, chifukwa Valve imangoona ngati gemuyo ikugwira ntchito monga mwini wake walonjezera, osaweruza kukoma kwake.

Chodandaulitsa n'chakuti magemu atsopano amatuluka ambirimbiri tsiku lililonse, moti gemu yabwino yopanda ndalama zoitsatsira imamira pamndandanda anthu asanaione, chonsecho Valve imatengabe 30 peresenti pa malonda a opanga ang'onoang'ono. Sitolo ina ya magemu yotchedwa GOG imachita kusankha zogulitsa ndipo magemu ena imawakana, pamene pa sitolo ya itch.io wopangayo amasankha yekha gawo la ndalama lopita kusitolo, ngakhale kuti ogula kumeneko ndi ochepa poyerekeza ndi a pa Steam.