Ndemanga pa oil catch can yomwe ndinaika pa injini ya dizilo

Ndagwiritsa ntchito oil catch can ya aluminiyamu (kachitini kogwira oyilo wotuluka ndi mpweya wa mu injini) kwa miyezi ingapo pa galimoto yanga ya dizilo yokhala ndi turbo, ndipo ndaona kuti imagwiradi ntchito yake, ngakhale kuti ogulitsa amaitamanda mopitirira muyeso.

Injini ikamayenda, mpweya wina wotentha umazembera m'mbali mwa mapisitoni n'kutsikira kumene kumakhala oyilo, kenako paipi yopumira imaubwezera ku intake (njira yolowetsa mpweya mu injini) utanyamula nthunzi ya oyilo. Nthunziyi ikakumana ndi mwaye wochokera ku EGR (chipangizo chobwezera utsi wina wa ku ekizozi mu injini) imasanduka phala lakuda lomata, lomwe limatseka njira ya mpweya pang'onopang'ono. Kachitinika kamalumikizidwa pa paipi imeneyo kuti oyilo azitsalira mkati mwake, mpweya wokha n'kumadutsa.

Makaniko anayamba watsuka intake manifold (mapaipi ogawira mpweya ku masilinda a injini), chifukwa chipangizochi sichichotsa litsiro lomwe lakhazikika kale. Kuyambira pamenepo, ndikamasula paipi yolowera ku turbo n'kupisamo chala, chimatuluka chouma ndithu, pomwe kale chinkatuluka chakuda ndi chonyowa. Zomwe ndimakhuthula m'chitinimo si oyilo wabwino ayi: ndi madzi abulauni onunkha dizilo, amene amachuluka nyengo yozizira komanso ndikamayenda maulendo afupiafupi injini isanatenthe bwino. Zimenezi siziyenera kubwezeredwa mu injini.

Chomwe sichinandisangalatse ndi mapaipi omwe anabwera m'bokosi. Anali ofewa, ndipo atatenthedwa anayamba kupindika ndi kutuluka thukuta la oyilo, moti ndinagula ena opirira oyilo ndi kutentha. Nkhani ya mapaipi si yaing'ono, chifukwa njira yopumira ikachepa kapena ikatsekeka, mpweya umadzaza mu injini n'kuyamba kukankhira oyilo pa masilo (malabala otchinga kuti oyilo asadonthe). Chitini chikadzaza osakhuthulidwa, vuto limakhala lomwelo, kotero munthu amene satsegula boneti kawirikawiri angachite bwino osachiika n'komwe.

Ndiyenera kunenanso kuti matope a oyilo omwe amaundana m'munsi mwa injini ndi nkhani ina, ndipo amabwera chifukwa chochedwa kusintha oyilo kapena kugwiritsa ntchito oyilo wosayenera. Chipangizochi sichingawathetse. Amene akufuna kugula asankhe chokhala ndi sefa kapena timagawo mkati, chifukwa chitini chopanda kanthu chimalola nthunzi yambiri kungodutsa, ndipo ngati galimoto ikadali pa warranty (lonjezo la ogulitsa loikonza ikawonongeka) ayambe wafunsa ngati kuikako sikungathetse warranty-yo.