Chaka chikukwana ndikupita kwa katswiri wa zamaganizo wa pulayiveti

Ndinayamba kuonana ndi katswiri wa zamaganizo kuno ku Blantyre mvula ili pafupi kugwa chaka chatha, ndipo pano nyengo yomweyo yayandikiranso. Anzanga ochepa amene ndinawauza onse amafunsa chinthu chimodzi: kodi ndalama zimenezo sizikungopita m'madzi? Ayi, sizinapite m'madzi. Koma thandizo lake silinabwere mmene ndinkaganizira, ndipo si aliyense amene ndingamuuze kuti ayambire kumeneko.

Chimene chinandipititsa n'chakuti bambo atamwalira, katundu yense wa kumudzi ku Thyolo anagwera ine monga mwana woyamba: fizi ya azing'ono anga, mankhwala a mayi, feteleza. Kenako mtima unayamba kumagunda modzidzimutsa, makamaka m'minibasi pochokera ku Limbe. Manja thukuta, mpweya kuchepa, ine n'kumaona ngati ndikufa. Kuchipatala anandiyeza BP, shuga ndi mtima, zonse zili bwino. Dokotala wa kumeneko ndi amene anati, "Abambo, mwina ndi nkhawa imeneyi," n'kundilembera kalata yopita nayo kwa mayi amene ndikuonana nawo panowa.

Anthu ambiri amasokoneza, choncho ndinene kaye ichi. Clinical psychologist, ngati mayi amene ndikuonana nawowa, salemba mankhwala. Ntchito yake ndi kuyeza vuto ndi kuchiza kudzera m'kukambirana. Wolemba mankhwala ngati fluoxetine kapena amitriptyline ndi psychiatrist kapena clinical officer wa matenda a maganizo. Mayiwa anandiuza zimenezi tsiku loyamba lomwelo, n'kuwonjezera kuti akaona kuti ndikufunika mapiritsi anditumiza kwa wina. Mpaka lero sizinafike pamenepo. Ndimawatchulabe kuti adokotala ngakhale anandiletsa, pakamwa panazolowera.

Tsiku loyambalo linatha ndi mafunso. Anandipatsa pepala la PHQ-9, mafunso 9 okhudza mmene wakhalira m'masabata awiri apitawo, mamalikisi ake kuyambira 0 mpaka 27, ndi lina la nkhawa la GAD-7. Funso lomaliza pa pepala loyambalo limafunsa mosabisa ngati umaganiza zoti bola kufa. Anandifotokozeranso za chinsinsi, kuti zonse zimathera m'chipindamo kupatula ngati moyo wanga kapena wa munthu wina uli pachiopsezo. Mapepala omwewo timawabwereza pakapita nthawi, ndipo ndimawakonda chifukwa munthu wolipira umafuna kuona manambala akutsika, osati kungomva kuti "mukuoneka bwino".

Miyezi yoyambirira inandikwiyitsa. Ife tinakulira kwa ankhoswe ndi abusa: umafotokoza vuto, iwo n'kukuuza chochita, n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo. Kuno ndinkati, "Ndiye nditani, adokotala?" Iwo n'kuyankha, "Inuyo abambo mukuona kuti chotheka n'chiyani?" Ndinkatuluka ndikudandaula kuti ndalipira ndalama zonsezi kuti ndidziyankhe ndekha. Ambiri ndikukhulupirira amasiyira pamenepa, ndipo sindiwaimba mlandu.

Njira imene amagwiritsa ntchito ndi CBT, chithandizo chothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, yomwe Aaron Beck wa ku America anaiyambitsa cha m'ma 1960. Mfundo yake ndi yoti chochitika, ganizo limene limabwera msanga, mmene thupi likumvera ndi chimene umachita pambuyo pake zimakokana. Anandiuza kuti ndigule kope la ana a sukulu n'kumalemba. Tsamba lina lili motere. Chochitika: mlongo wanga watumiza uthenga pa WhatsApp, "Achimwene, za fizi zija." Ganizo: ndikalephera ndiye kuti ndine wachabechabe, bambo akanatha. Thupi: chifuwa kuthina. Chimene ndinachita: ndinatenga ngongole ya katapira kuntchito osamuuza mkazi wanga. Titawerenga limodzi, adokotalawo anandifunsa ngati bambo sanalepherepo kulipira fizi. Ndinaseka, chifukwa ineyo ndinabwezedwapo kusukulu ndili Fomu 2, n'kukhala pakhomo mpaka atagulitsa mbuzi. Zimenezo ndinali nditaziiwaliratu. Bambo amene ndinkadziyerekeza nawo anali oti sanakhaleko.

Chimene chinandithandiza kwambiri sichinali kulankhula ayi. Tsiku lina anandiuza kuti ndikwere ndi kutsika masitepe a nyumba imene muli ofesi yawo mothamanga, kenako ndikhale pampando mtima ukugunda, osachita kalikonse. Osamwa madzi, osatuluka panja, osagwira foni. Ndinawayang'ana ngati akundiseweretsa. Anandifotokozera kuti thupi likachita mantha limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umathamanga, kupuma kumafulumira, ndipo kupuma mofulumira komweko n'kumene kumachititsa chizungulire ndi dzanzi m'zala. Munthu akathawa nthawi imeneyo, ubongo umaphunzira kuti wapulumuka chifukwa chothawa, ndiye mawa mantha amabwera okulirapo. Ukakhala osathawa, zimakwera, zimafika pachimake, n'kutsika zokha. Titabwereza muofesi kangapo, ntchito ya kunyumba inali yokwera minibasi ndi kukhala mpando wakumbuyo kwenikweni, kumene sungatsike popanda kudzutsa anthu. Poyamba kasiteji kamodzi, kenako mpaka ku Ginnery Corner, kenako mpaka m'tauni. Kondakitala wina anafika pondizolowera, ankati ndikangofika, "Bigi, mpando wanu uja ulipo." Dziwani kuti izi anandichititsa atawerenga kaye zotsatira za kuchipatala zosonyeza kuti mtima wanga uli bwino. Musakayese nokha musanayezedwe.

Tsopano za ndalama. Timakumana kwa mphindi 50, kulipira tsiku lomwelo, kaya pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki. Ukalephera kubwera osanena tsiku lathunthu lisanafike, umalipirabe, ndipo zinandichitikirapo maliro atandigwera mwadzidzidzi. Anandikhululukira theka. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe mtengo umene ukukhazikika m'dziko muno, ndipo wawonso anakweza pakati pa chaka, ngakhale anandichenjeza mwezi wathunthu zisanachitike. Sikimu ya zachipatala ya kuntchito kwathu inafuna kalata ya dokotala, ndipo inkabweza gawo chabe, mochedwa. Funsani sikimu yanu musanayambe, ndipo yankho lake akupatseni polemba. Ndalama imene ndinkalipira pamwezi nthawi imene tinkakumana sabata ndi sabata inkafanana ndi lendi ya nyumba yathu. Ndinasiya mowa wa Lachisanu kuti zitheke, chomwe mkazi wanga amati ndicho chithandizo chenichenicho.

Zosandisangalatsa ziliponso. Mapepala ambiri ophunzirira amene amandipatsa ndi a Chingerezi, olembedwera anthu akunja amene amakhala okha m'nyumba, osadziwa kuti malume amatha kungofika ndi chikwama osaimba foni. Pepala lina linkalangiza kuti uziwauza achibale kuti ayi mosapita m'mbali. Ndinawauza kuti kwathu munthu sungawayankhe mayi ako choncho. Anavomera, ndipo tinapeza njira ina: ndalama yokhazikika yopita kumudzi mwezi uliwonse, yomwe tinagwirizana ndi mkazi wanga, ndi kuitanitsa mng'ono wanga wa ku Johannesburg kuti atenge fizi ya mwana mmodzi. Katswiri wosadziwa moyo wathu akanandikakamiza kutsatira pepalalo. Muzikambirana m'chilankhulo chimene mumalira nacho, ife timasakaniza koma zowawa zonse zimatuluka m'Chichewa.

Chipinda chodikirira n'chaching'ono ndipo chili panjira ya maofesi ena. Ndinakumanamo ndi munthu wa kumpingo kwathu, tonse tinangopatsana moni ngati takumana kubanki. Kukambirana pa vidiyo ndikakhala kumudzi sikunandiyendere, netiweki imaduka mawu ali pakamwa, komanso nyumba ya mayi ilibe pobisalira makutu. Za chikhulupiriro adokotalawo sananyozepo, anangofunsa ngati pemphero limandikhazika mtima kapena limandiwonjezera kudziimba mlandu, funso limene ndinakhala nalo masiku ambiri.

Kodi ndachira? Kugunda kwa mtima kuja kumabwera mwa apo ndi apo, ndipo kukabwera ndimadziwa kuti kutha. Tulo ndikugona. Mu Januwale, nthawi ya fizi ndi feteleza wobereketsa, zinabwereranso mwamphamvu moti ndinaganiza kuti zonse zagwa, koma zinatenga masabata ochepa osati miyezi. Chisoni cha bambo chilipobe, ndipo mayiwa sanalonjezepo kuti achichotsa.

Ngati vuto lanu ndi nkhawa, mantha kapena kukhumudwa koma mukutha kugwira ntchito, ndipo mungathe kulipira kwa miyezi ingapo osakongola, pitani, mutafunsa kaye ngati munthuyo analembetsa ku Medical Council of Malawi komanso njira imene amachizira. Kupita kamodzi kokha n'kutaya ndalama. Ngati thumba silikulola, ku Queen Elizabeth Central Hospital kuli kiliniki ya matenda a maganizo, ku Lilongwe kuli Bwaila ndi St John of God, yomwenso ili ku Mzuzu, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Munthu amene akumva mawu osaoneka mwini wake, kapena akukonza zodzipha, asadikire tsiku la apointimenti kwa wa pulayiveti, mupite naye kuchipatala lero lomwe.

Ine pano ndimapita kamodzi pamwezi. Tagwirizana kuti tidutse limodzi Januwale akubwerayu, ndipo manambala a pa mapepala aja akakhalabe otsika, tisiyire pomwepo.