Rozi wofiira amene ndinagula kwa mayi wa mbande ku Kasungu

Chaka chatha ndinagula rozi wa m'chubu kwa mayi wina amene amagulitsa mbande m'mbali mwa msewu wa M1 pa boma la Kasungu. Pakapepala kake panalembedwa Cramoisi Supérieur. Ndi mtundu wakale ndithu, unatuluka ku France mu 1832, koma makolo ake ndi marozi a ku China, n'chifukwa chake amachita maluwa mobwerezabwereza, osati kamodzi pachaka.

Maluwawo si akuluakulu ngati a paukwati aja. Ndi ofiira kwambiri, obulungira ngati kakapu, ndipo nthambi zake n'zowonda moti duwa likalemera limawerama. Kafungo kake n'kapatali, umachita kuyandikira. Chimene chandikondweretsa n'chakuti dzuwa la mu Okutobala silinamufoole. Ndimathirira madzulo, ndowa imodzi, ndipo ndinaika manyowa a mbuzi owolerana bwino.

Nsabwe zinagwira nsonga zanthete mvula itayamba, ndinazitsuka ndi madzi a sopo.

Mayiwo anandiuza kuti, “Achimwene, musadulire kwambiri, ameneyu sakonda mpeni.” Ndinamvera. Nthambi zitatu zimene ndinazika mumchenga kuseri kwa khitchini zonse zagwira, imodzi ndapatsa alamu anga a ku Santhe.