Ndamata kachipangizo pantchafu masiku 14 kuti ndione ndimakhala pansi kuti komanso ndi ndani

Nkhani inayamba ndi kamkangano kakunyumba. Msana unkandiwawako madzulo, ndiye mayi akunyumba tsiku lina akuti inu bambo mukakhala pampando zimakhala ngati mwamerapo mizu, ine nkukana kwamtuwagalu kuti aaa ine kuntchito ndimangoyendayenda tsiku lonse, wokhalitsa pansi ndi ndani apa. Tinakanganapo mpaka ndinati chabwino tiyeze. Ndi mmene ndinapezera kachipangizo kameneka. Dzina la kampani ndalisiya dala chifukwa pali zingapo zomwe ndidandaule pansipa.

Kanthu kake nkakang'ono, kophwatalala, kochepera bokosi la machesi. Umakamata kutsogolo kwa ntchafu, pakatikati pa bondo ndi chiuno, ndi pulasitala wosalowa madzi uja, ndiye umasamba nako, kugona nako, osakachotsa. Kamabwera ndi apu ya pafoni. Mkati mwake muli sensa yomwe imamva kuti ntchafu yaima chilili kapena yagona chopingasa, ikakhala chopingasa kamalemba kuti mwakhala pansi, ikaima kamati mwaimirira, ikamagwedezeka kamati mukuyenda. Basi nzeru yake ndi imeneyo, ndipo si yachilendo, ndi yomwe imagwira ntchito mu activPAL, kachipangizo kopangidwa ndi PAL Technologies ku Glasgow komwe anthu a kafukufuku amakagwiritsa ntchito kwambiri. Mawotchi apamkono aja amaona kugwedezeka kwa dzanja, Apple Watch imakukumbutsa kuimirira ola likatsala mphindi 10 kuti lithe, Fitbit imafuna masitepe 250 pa ola, zonsezo nzabwino koma dzanja si limene limakhala pampando. Munthu utha kukhala phee pasofa ukukupiza manja pokamba nkhani, kapena kuima pamzere manja ali mthumba osagwedezeka. Ntchafu sinama pa zimenezo.

Pa mbali imeneyi ndikapatsa ulemu wake. Ndinkakayesa dala, kuimirira, kukhala, kuimiriranso uku ndikuyang'ana nthawi, madzulo nkuona pa apu zili ndendende. Komwe kamasokonezeka nkusiyanitsa kukhala ndi kugona, chifukwa ntchafu imakhala chopingasa konsekonse. Akatswiri a nkhaniyi tulo saiwerengera, iwo amati kukhala pansi komwe akuyeza ndi nthawi imene uli maso, wakhala kapena watsamira kapena wagona chabe, thupi likugwiritsa ntchito mphamvu zosapitirira 1.5 MET, MET imodzi kukhala mphamvu ya munthu amene wangokhala osachita kanthu. Ndiye apu imafuna uziiuza wekha kuti ndikukagona, ndadzuka. Tsiku lachitatu ndinaiwala kudina, mmawa nkundilembera tulo tonse ngati ndinachezera pampando usiku wonse kkkk, mayi akunyumba ataona anaseka mpaka misozi akuti mwaonatu bambo, ngakhale makina akuvomereza.

Wina afunsa kuti kuvutikiranji ndi zimenezi. Nkhani yakuti kukhalitsa pansi kumapweteka thupi si ya dzulo ayi, mu 1953 dokotala wina wa ku Britain, Jeremy Morris, anayerekeza madalaivala a mabasi osanjikizana a mu London ndi makondakitala awo, anthu a basi imodzimodzi, wina tsiku lonse ali pampando wina akukwera nkutsika masitepe, ndipo matenda a mtima anapezeka ochuluka mwa madalaivala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO nalo mu malangizo ake a 2020 linanena kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata komanso achepetse nthawi yokhala pansi. Kungoti kukuuza kuti chepetsa nkosavuta, koma uchepetse pati? Kuofesi, mgalimoto, pasofa? Nchifukwa chake chimene chinandikopa ine si kuwerenga maola kokha koma lonjezo lawo lakuti apu ikuuza malo ake komanso anthu amene unali nawo.

Za malo imadalira GPS ya foni. Umalemba wekha kuti apa ndi kunyumba, apa ndi kuntchito, zotsalazo imangoti paulendo kapena kwina. Zimagwira ndithu koma mwachisawawa, ukalowa mnyumba GPS imafooka, moti masiku awiri inandiika mu bilidingi ya tsidya lina la msewu komwe sindinapondeko chibadwire. Ndipo kunyumba ndi kunyumba basi, sidziwa kuti uli pasofa, patebulo kapena pabedi ukuseweretsa foni. Batire la foni nalo limatha ngati likudontha, pofika masana ndinkakhala ndikusaka chaja.

Tsopano za anthu, apa mpamene pali nkhani. Ntchafu singadziwe kuti pambali pako pali ndani, ndiye apu imakufunsa iwe mwini wake. Foni imanjenjemera kangapo patsiku nthawi zosayembekezereka, pasikirini nkubwera timafunso titatu, uli kuti, uli ndi ndani, ukutani, ndipo ukachedwa kuyankha funsolo limatha lokha. A kafukufuku njira imeneyi amaitchula kuti EMA, ndipo cholinga chake nchomveka, munthu ukamufunsa Lamlungu kuti sabata yathayi unakhala pansi maola angati amangoyankha zongoganizira, kawirikawiri zochepera kuposa zoona, ngati mmene ine ndinkachitira pamkangano uja. Bola kumufunsa pomwepo. Mmutu mwanga ndinkangolitanthauzira funsolo kuti wakhala ndi ndani, nkumaseka ndekha, chifukwa mChichewa funso limenelo likhoza kukhala la pampando kapena la ukwati.

Vuto lake ndi ili. Tili mu mitingi, abwana ali mkati mofotokoza, foni yanga vuuu vuuu patebulo, onse nkucheuka, ine nkuitembenuza chafufumimba mwachangu. Ungayankhe kuti ndili ndi abwana abwanawo akukuyang'ana? Loweruka kunabwera mnzanga, tili mkati mwa nkhani yokoma foni nkuyambanso, akuti aise yankha mwina nzofunika, ine ndikuti ayi isiye ndi ntchafu yanga ikufunsa, anangondiyang'ana ngati ndayamba misala. Koma ndikakhala ndekhandekha, foni ili kale mmanja, funso likabwera ndimayankha sekondi yomweyo. Ndiye pakutha kwa sabata yoyamba apu inandijambulira chithunzi chozungulira chija nkunena kuti nthawi yanga yambiri yokhala pansi ndimakhala ndili ndekha, ndipo poyamba ndinamva chisoni ndithu, kudzifunsa kuti kani ndine munthu wosungulumwa chonchi. Nditapita kukaona mafunso omwe ndinawaphonya, pafupifupi onse anali a nthawi yomwe ndinali ndi anthu. Apu sinanene zimenezo paliponse, inangotaya osayankhidwawo nkuwerengera otsalawo ngati ndiye moyo wanga wonse. Ichi ndiye chondinyasa kwambiri pa chinthu chonsechi, akanangoikako kamzere konena kuti mafunso akutiakuti simunayankhe, tengani zotsatirazi mosamala.

Sabata yachiwiri ndinayamba kulemba pakapepala madzulo, funso lililonse lomwe ndaphonya ndinkalemba kuti ndinali ndi ndani, kenako nkuphatikiza ndekha ndi maola a pantchafu aja. Apo ndiye zinayamba kumveka. Kuofesi komwe mayi akunyumba ankaganiza kuti ndiko ndimamera mizu, kukhala kwake nkochuluka inde koma nkodukaduka, wina wakuitana, wapita ku printa, wabwerera. Kupatula mitingi, chifukwa mu mitingi suimirira abwana ali chikhalire, umangosinthasintha makhalidwe pampando pomwepo. Ndikamathandiza mwana homuweki mzere wake pa apu umaoneka ngati mano a sowo, khala, imirira, pensulo yagwa, khalanso. Mzere wautali wosaduka, wa maola awiri nkupitirira, unali wa madzulo pasofa TV ili chiyakire, ndipo pamenepo mayi akunyumba omwewo anali pambali panga, nawonso chikhalire.

Apa ndinakakamira pang'ono. Tsiku lina funso linabwera tili pasofapo, ine pa foni yanga iwo pa yawo, patha mwina theka la ola palibe watsegula pakamwa. Pasikirini pali zosankha, ndekha, ndi mkazi kapena mwamuna wanga, ndi anzanga, ndi akuntchito, ndi ana. Chala chinaima mmalere. Ndinadina kuti ndili ndi mkazi wanga poti anali pomwepo phewa ndi phewa, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndanamizako pang'ono. Apu kwa iyo kukhala kumeneko nkofanana ndi kwa Loweruka kuja komwe tinaseka ndi mnzanga mpaka nthiti kuwawa, konse ikulemba mtundu umodzi wofiira wochenjeza. Pali njira zina zomwe a kafukufuku anayesapo, monga kuona mafoni oyandikana kudzera pa Bluetooth, kapena kamera yokoleka mkhosi ngati SenseCam ya Microsoft yomwe imajambula yokha tsiku lonse, koma Bluetooth imangoona kuti foni ina ili pafupi ngakhale mwini wake ali kuseri kwa khoma, ndipo kamera ija ndani angalole kuti uzimujambula mnyumba mwake chifukwa choti iwe ukuyeza msana wako.

Mpofunikanso kuganizira kuti apu yotere imasunga mapu a moyo wako, kumene umagona, kumene umagwira ntchito, nthawi yomwe umachoka, anthu omwe umakhala nawo. Ine ndisanaichotse ndinalowa mu setingi nkufufuta zonse, batani lake analibisa mkati mwenimweni, ndinalisaka kanthawi.

Pulasitala naye ali ndi zake. Amuna aubweya meteni kaye pamalopo, ine sindinamete ndipo pomatula koyamba ndinakuwa mpaka mwana anathamangira kuchipinda kudzaona. Pofika tsiku lachisanu khungu linayamba kuyabwa nkufiira, ndinasamutsira mwendo winawo. Batire la kachipangizoko lokha ndiye silinandivute, linafika kumapeto osatchaja.

Ndiye kaya mukagule? Ngati mukufuna kudziwa maola enieni omwe mumakhala pansi, komanso nthawi iti yatsiku yomwe mumakhalitsa osadzuka, eya, kamagwira bwino kuposa cha pamkono, ndipo sabata imodzi kapena ziwiri zikukwanirani, si chinthu chovala chaka chonse. Za malo, nzapakatikati. Za anthu, konzekerani kapepala ndi cholembera. Pa nyenyezi 5 ndikupatsa 3, imodzi ndachotsera mafunso otayidwa mwakachetechete aja, inayo ndi ya batire la foni ndi ubweya wanga.

Mkangano uja sunathe bwinobwino. Ine ndikuti mwaona, si kuofesi, ndi pasofa pomwe tonse timakhala, iwo akuti komabe mumakhala ndinu. Panopa kachipangizo kali pantchafu pawo, lero ndi tsiku lachiwiri, ndipo dzulo usiku aiwala kudina kuti akukagona.